Ma air bag kumbuyo kwa pikapu yakale: malo ake enieni mumawapeza bwanji

Aliyense amene wayamba kuganiza zoika ma air bag kumbuyo kwa pikapu yakale amafika pa funso limodzi lomweli, bag ikhale pati, kutsogolo kwa ekiselo, pamwamba pake kapena kumbuyo kwake. Apa sindikunena ma air bag a pa chiwongolero aja ophulika pa ngozi ayi, ndikunena a labala okhala mmalo mwa masipuling'i, omwe mumapopa mpweya galimoto nkukwera, mukauchotsa nkutsika. Ambiri amayambira kolakwika, amayamba nkufunsa kuti galimoto itsika mpaka pati ikaima, chifukwa zithunzi za pa intaneti zonse zimaonetsa galimoto itagona pansi. Koma galimoto simayenda itagona. Malo a bag amachokera pa msinkhu umene muziyendera tsiku ndi tsiku, ndipo china chilichonse, mabulaketi, mashoko, chitsulo choletsa ekiselo kupita mbali chotchedwa Panhard bar, chimayezedwa galimoto ili pa msinkhu umenewo. Mukagwira mfundo imeneyi zotsalazo nzongotsatira ndi tepi mmanja.

Nditenga Chevrolet C10 ya 1967 mpaka 1972 chifukwa ndi imene anthu ku America amakonda kuiika ma bag, komanso kapangidwe kake kakumbuyo kamaphunzitsa bwino. C10 za Chevrolet kuyambira 1960 mpaka 1972 zambiri sizinali ndi masipuling'i a leaf, a zitsulo zazitali zosanjikizana aja, kumbuyo, zinali ndi mikono iwiri italiitali yachitsulo, ma trailing arm, yochokera pa crossmember, chitsulo chopingasa pakati pa chesesi, nkukagwira ekiselo ndi ma U-bolt, mabawuti opindika ngati U, ndiye sipuling'i ya koyilo imakhala pa mkonowo patsogolo pang'ono pa ekiselo, kwinaku Panhard bar ikuletsa ekiselo kupita uku ndi uku. Kapangidwe komweka a NASCAR anakatengera nkukagwiritsa ntchito pa magalimoto a mpikisano zaka zambirimbiri mpaka anasintha mu 2022, ndiye musakaone ngati kachikale kofunika kudula nkutaya. Kuyambira 1973 mpaka 1987, pa mapikapu otchedwa square body, Chevrolet inapita ku ma leaf. Ma GMC a zaka za 1967 mpaka 1972 ambiri analinso a leaf, choncho musangodalira chaka, gwadani musuzumire pansi muone chimene muli nacho.

Choyamba sankhani matayala ndi ma rim amene mudzayendere, muwaike, osati akale omwe mukufuna kusintha chaka chamawa, chifukwa inchi imodzi pa tayala imasintha zonse. Kenako galimoto ikhale pa simenti yosalala, osati pa dothi pomwe sitandi imodzi imatha kulowa pansi osadziwa. Chesesi ikhale pa ma sitandi olimba, kutsogolo ndi kumbuyo, jeke ikhale pansi pa difu yongokwezera ndi kutsitsira ekiselo basi. Chonde abale musalowe pansi pa galimoto imene yagwiridwa ndi jeke yokha kapena mpweya wa mu bag wokha, paipi ikangosolotoka galimoto imagwa nthawi yomweyo, palibe mpata wothawa. Ngati mungathe chotsani bodi ya kumbuyo yonse, mabawuti ake si ambiri ndipo anthu anayi amainyamula, ntchito imapepuka kwambiri chifukwa mukuona chilichonse kuchokera pamwamba. Masulani mashoko, tsitsani ekiselo pang'onopang'ono mpaka makoyilo atamasuka, muwachotse. Yang'aniraninso paipi ya mabuleki yalabala ija isakokeke pamene mukutsitsa.

Tsopano kwezani ekiselo ndi jeke mpaka tayala likhale mu fenda mmene mukufunira kuti liziwoneka poyenda. Ngati mukuchotsa bodi, muyambe mwayeza izi musanaichotse, kuchokera pakati pa habu kufika pa mlomo wa fenda, ndiponso kuchokera pamwamba pa ekiselo kufika pansi pa chesesi, nambala yachiwiriyi ndi imene muzigwira nayo ntchito. Ilembeni pa chesesi pomwepo ndi choko mbali zonse ziwiri. Posankha msinkhuwu ganizirani misewu imene mumadutsa osati ya pa YouTube. Wa ku California akhoza kuyenda chesesi ili pafupi ndi pansi, koma ngati kwanu kuli mahampu ndi maenje ngati mmene ilili misewu yathu yambiri, siyani mpata wokwanira. Ine ndimati pakati pa ekiselo ndi bump stop, labala woimitsa ekiselo kuti isagunde chesesi, pakhale mainchesi atatu kapena kuposa pa msinkhu woyendera, kuchepera apo muzingomva gu gu gu pa kabampu kalikonse.

Mukapeza kuti pa msinkhu umene mukufunawo ekiselo yatsala pang'ono kugunda chesesi, ndiye kuti mukufunika C-notch, kudula chesesi pamwamba pa ekiselo nkuikapo chitsulo cholimbitsa chooneka ngati C kuti ekiselo izilowamo. Imeneyi ichitike kaye musanayambe zoyeza malo a bag chifukwa imasintha pomwe ekiselo ikathere. Notch yaing'ono ya mabawuti imakwanira kwa ambiri. Ofuna kugoneka chesesi pansi penipeni amafunika notch yaikulu komanso kukweza pansi pa bodi kuti difu isagunde matabwa, imeneyo ndi ntchito ina yaikulu payokha.

Bag iliyonse ili ndi manambala ake ochokera kwa opanga, kaya ndi Firestone, Air Lift kapena Slam Specialties: kutalika kwake ikafinyidwa mpaka mapeto, kutalika kwake ikatambasuka mpaka mapeto, kutalika komwe imayenera kukhala poyenda, ndi kukula kwake mmimba ikafufuma kwambiri. Pezani pepala la bag yanuyo, musagwiritse manambala a bag ya mnzanu. Ma bag a mapindo awiri aja, double convoluted, ambiri akafinyika amatsala pafupifupi mainchesi atatu, ndipo poyenda amakhala bwino pa mainchesi asanu kapena asanu ndi limodzi. Ntchito yonse ya kuika bag ndi kupanga kuti msinkhu woyendera wa galimoto ukumane ndi msinkhu woyendera wa bag. Zikasemphana mumaona mavuto awiri odziwika. Mpata ukakhala waukulu kwambiri muyenera kupopa mpweya wambiri kuti galimoto ifike pomwe mukufuna, bag imakhala itatambasuka pafupi ndi mapeto, ndiye galimoto imauma nkumanjanja. Mpata ukachepa mumayenda ndi kampweya kochepa bag ili yofinyika, ikumangogunda pansi. Anthu amati ma bag sayenda bwino pomwe vuto ndi bulaketi yotalika kapena yofupika ndi inchi imodzi.

Tibwere pa funso lija, kutsogolo, pamwamba kapena kumbuyo. Ganizirani wilibala yodzaza mchenga. Mukagwira kumapeto kwa zogwirira imapepuka koma manja anu amakwera mtunda wautali kuposa mchengawo, mukagwira pafupi ndi tayala imalemera zedi koma kukweza pang'ono chabe katundu wakwera kwambiri. Trailing arm imachita chimodzimodzi, bawuti ya kutsogolo ndiye pozungulira, ndipo zonse zimadalira mtunda wochokera pa bawutiyo kufika pakati pa bag poyerekeza ndi mtunda wochokera pa bawutiyo kufika pakati pa ekiselo.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza, inu mukayeze anu. Tinene kuti kuchokera pa bawuti kufika pa ekiselo ndi mainchesi 50, bag mwaiika pa mainchesi 40. Gawani 40 ndi 50, mupeza 0.8. Ngati bag ili ndi ulendo wa mainchesi 8 ogwira ntchito, tayala liyenda 8 kugawa ndi 0.8, ndiwo mainchesi 10. Mwapindula mainchesi awiri. Koma mtengo wake ulipo, ngati mbali imeneyo ikusenza makilogalamu 300, bag ikusenza 300 kugawa ndi 0.8, ndiwo 375. Mukaisunthira kutsogolo kwambiri pa mainchesi 30, nambala ija ikhala 0.6, tayala liyenda kupitirira mainchesi 13 koma bag isenza makilogalamu 500, ndipo mphamvu yonseyo ikukanikiza pakati pa mkono pomwe opanga sanaikepo katundu. Mukaiika kumbuyo kwa ekiselo pa mainchesi 55, nambala ndi 1.1, bag isenza pafupifupi 273 basi koma tayala liyenda mainchesi 7 ndi pang'ono. Pamwamba penipeni pa ekiselo zimangofanana, 8 ndi 8, 300 ndi 300.

Ndiye kutsogolo kumakupatsani kukwera ndi kutsika kwambiri komanso kufewa, koma presha imakwera ndipo katundu wolemera amaigonjetsa msanga. Kumbuyo kwa ekiselo kumanyamula katundu bwino ndi presha yochepa, nkwabwino kwa okoka ngolo kapena onyamula zolemera, koma ulendo umafupika ndipo galimoto ikakhala yopanda kanthu imamveka youmirako. Pamwamba pa ekiselo pamafuna mpata wautali chifukwa bag yofinyika ija pamodzi ndi mabulaketi ake ziyenera kukwana pakati pa ekiselo ndi chogwirira cha pamwamba, ndiye pa galimoto yotsika kwambiri mumakakamizika kumanga mlatho pamwamba pa chesesi, umene umalowa mu bodi.

Pali chinanso pa C10 chimene masamu aja sakuonetsa. Mikono ija siyendera limodzi ndi chesesi ayi, kumbuyo ndi yotalikirana koma kutsogolo imayandikana kukakumana pafupi ndi pakati. Choncho mukasunthira bag kutsogolo motsatira mkono, mukuisunthiranso mkati, ikuchoka pansi pa chesesi, ndiye mufunika crossmember yatsopano yoti igwire pamwamba, komanso ma bag awiriwo akayandikana galimoto imapendekeka kwambiri pa kona. Ma bag akatalikirana mpamene galimoto imakhazikika. Nchifukwa chake kwa munthu amene akufuna pikapu yoyenda tsiku lililonse, yotsika bwino komanso yotha kunyamula matumba angapo a simenti, ine ndimati ikani bag pomwe panali koyilo. Malo amenewo mkono ndi wolimba kale, chesesi ili pamwamba pake ndendende, ndipo makampani amagulitsa mapuleti olowa pomwepo ndi mabawuti. Kusuntha bag kukhale ndi chifukwa chenicheni chimene tepi yakuuzani. Mukafuna kutsikako kuposa pamenepo, njira yosavuta ndi ma lowering block a inchi imodzi kapena awiri pakati pa mkono ndi ekiselo, galimoto imatsika koma bag imakhalabe pa msinkhu wake wabwino.

Kukula kwa bag nako kumalowa mu nkhani ya malo. Ma bag otchedwa 2500 ndi 2600 dzinalo limachokera pa mapaundi omwe amanyamula pa presha ya 100 psi, ndiye 2600 ndi pafupifupi makilogalamu 1180 bag imodzi. Kumbuyo kwa pikapu yopanda katundu nkopepuka. Tikatenga makilogalamu 375 aja pa bag ya 2600, presha yake ingokhala cha mma 30 psi, pafupifupi 2 bar, ndipo mukaiika kumbuyo kwa ekiselo itsikanso kufika cha mma 20. Bag yaikulu pa malo opepuka simapindulitsa, imangodya malo. Pamwamba kapena kumbuyo kwa ekiselo ambiri amakonda ma bag a sleeve, aatali opindikira mkati aja, chifukwa ndi ofewa ndiponso ocheperako mmimba, kungoti iwo safuna kupendekeka, amafuna kuyenda mowongoka. A mapindo awiri amapirira kupindika, nchifukwa chake amayenera pa mkono.

Musayambe kuyeza ndi bag yeniyeni, imavuta kugwira ndipo ikhoza kuwonongeka ndi moto. Dulani thabwa kapena paipi kutalika kofanana ndi msinkhu woyendera wa bag yanu, tinene mainchesi asanu ndi theka, mapeto onse awiri akhale owongoka. Dulaninso katoni yozungulira kukula kwa bag ikafufuma kwambiri, muwonjezere theka la inchi, pafupifupi mamilimita 13, kuzungulira konse. Ekiselo ili pa msinkhu woyendera, ikani thabwalo pa puleti ya pansi, puleti ya pamwamba ikhale pamutu pake, ndipo pomwe yafikapo mpomwe bulaketi iyenera kuthera. Kenako vekani katoni ija pa thabwalo muziikweza ndi kuitsitsa. Ikakhudza china chilichonse, mutu wa bawuti, mphepete mwa chesesi, waya wa handibuleki, shoko, nsonga ya U-bolt, pamenepo mpomwe bag idzabookere. Dulani thabwa lachiwiri la msinkhu wofinyika, mukweze ekiselo mpaka mapeto, muyesenso ndi katoni yomweyo chifukwa bag imanenepa kwambiri ikafinyika ili ndi mpweya.

Kukhula nkumene kumapha ma bag ambiri, osati presha. Kumayamba ngati kachigamba konyezimira pa labala, kosalala kuposa malo ena, kukula kwake ngati chikhadabo. Kenako pamaoneka tiulusi toyera ta mkati, ndipo zikafika apo bag yatha, siyomatika ngati chubu. Mphepete zonse za mabulaketi muzisalaze ndi gilayinda mpaka chala chizidutsa osakodwa, ndipo timadontho ta wotcherera tomwe timagwera pa puleti tichotsedwe tonse chifukwa bag ikafinyika imagona pa puletiyo. Puleti yokhayo ikhale yaikulu mokwanira kuti chitsulo cha pansi pa bag chikhale chonse pamenepo, osati theka lili panja.

Chifukwa mkono umayenda mozungulira, mapuleti awiriwo sangakhale ofanana nthawi zonse, ekiselo ikatsika amatseguka kumbuyo, ikakwera amatsekeka. Akhale oyang'anana bwino, pakati ndi pakati, pa msinkhu woyendera. Kenako onani pa mapeto a kufinyika kuti mbali imodzi isapanike pomwe inayo idakali ndi mpata waukulu. Ngati kusiyana kwachuluka, pendeketsani bulaketi ya pamwamba pang'ono kuti mugawe vutolo pakati. Kuunika kopendekeka mumagwiritsa angle finder, ngakhale ya pa foni imathandiza bola muiike pa chitsulo chosalala. Mbali zonse ziwiri muyeze kuchokera pa malo amodzi, monga bowo la fakitale pa chesesi, osati kuchokera kumapeto kwa chesesi komwe mwina kunapindikapo kale.

Ekizozi pa C10 imadutsa pafupi ndi malo amenewa, ndipo kutentha kumaumitsa labala mpaka kuchita ming'alu. Italikireni mmene mungathere, mainchesi angapo, ndipo pomwe sizikutheka ikani chitsulo chotchinga chokhala ndi mpata wa mpweya mbali zonse, osati chomata pa paipi. Nthawi zambiri nkosavuta kupinda ekizozi yatsopano kusiyana ndi kusuntha bag pofuna kusunga ekizozi yakale.

Bag ndi sipuling'i basi, ntchito zinazo zili ndi eni ake. Siyenera kukhala choimitsa ekiselo pokwera, imeneyo ndi ntchito ya bump stop. Ikani bump stop kuti ekiselo iziigunda bag isanafike pa mapeto ake, patsale kota kapena theka la inchi, poganizira kuti labala wa bump stop naye amafinyika. Ma bag ena ali ndi bump stop mkati, onani pepala lake musanadalire zimenezo. Siyeneranso kukhala chogwira ekiselo potsika, mukakweza galimoto pa jeke kulemera konse kwa difu ndi matayala kusalendewere pa bag, imatha kusolotoka pa chitsulo chake. Shoko ikhale yoyamba kutha, kapena muike malamba oletsa. Ndipo shokoyo isafike pa mapeto ake pofinyika bump stop isanagunde. Pa C10 yotsitsidwa mashoko amagona kwambiri mpaka kuleka kugwira ntchito bwino, ndiye musunthe zogwirira zake kuti aimirireko, kenako muyeze kutalika kofunika pamwamba ndi pansi musanagule. Galimoto ya ma bag yopanda mashoko abwino imanjanja osaleka, musawachotse ngakhale wina akuuzeni kuti mpweya ukukwanira.

Panhard bar ndi imene anthu amaiwala, kenako nkumadabwa tayala limodzi likukhula fenda pomwe linalo lili mkati. Nayo imayenda mozungulira, ndiye ekiselo ikamakwera ndi kutsika imakokedwera mbali. Taonani kusiyana kwake. Bar ya mainchesi 24 itagona mowongoka pakati pa ulendo, ekiselo nkuyenda mainchesi 5 mmwamba kapena pansi, imasuntha mbali pafupifupi theka la inchi. Bar yomweyo ikakhala yowongoka kumapeto amodzi nkuyenda mainchesi 10 onse mbali imodzi, kusunthako kumapitirira mainchesi awiri. Mainchesi awiri amenewo amakokanso bag, katoni ija inadutsa bwino poyamba tsopano ikukhudza chesesi. Ndiye bar ikhale yaitali mmene ingathere, yotha kusinthidwa kutalika, ndipo igone mowongoka pa msinkhu woyendera, ekiselo ili pakati ndendende. Muimange kaye musanamalize zoyeza mpata wa ma bag, osati pambuyo pake. Amene akufuna ulendo wautali kwambiri amapita ku Watts link imene imasunga ekiselo pakati nthawi zonse.

Pulopela shafiti muione pamene ekiselo ili pamwamba penipeni, isagunde crossmember ya mikono ija kapena pansi pa kabini, komanso isakankhire mu giyabokosi mpaka mapeto. Kupendekeka kwa mphuno ya difu kuyezedwe pa msinkhu woyendera, kugwirizane ndi kwa giyabokosi, ma universal joint, mfundo za pa shafiti zija, azigwira ntchito pa madigiri ochepa, 1 mpaka 3. Zikasemphana mumva kunjenjemera pa liwiro, ndipo mankhwala ake ndi timashimu topendekeka pakati pa mkono ndi ekiselo.

Mikono yafakitale inapangidwa ndi zitsulo ziwiri zophatikizana msana ndi msana, ndipo pakati pakepo pamabisala dzimbiri, makamaka pomwe panali koyilo ndi pa ma U-bolt. Gogodani ndi hamala, mukaona zitsulozo zatupa nkulekana musaikepo bag, pezani mikono ina. Ma bush, malabala a pa bawuti ya kutsogolo kwa mikono, nawo asinthidwe. Powotcherera, chotsani batire, ndipo kumbukirani kuti pa C10 ya zaka zimenezi thanki ya petulo ili mu kabini kuseri kwa mpando, paipi yake imadutsa mu chesesi, ndipo ngati wina anaisamutsira kumbuyo pansi pa bodi ndiye ili pafupi penipeni ndi pomwe mukugwira ntchito. Yambani ndi kungodontheza timawotcherera tating'ono togwirizira, mumange bag, muyendetse ekiselo mmwamba ndi pansi, mukweze tayala limodzi lokha kenako linalo chifukwa pa msewu ekiselo imapendekeka. Zonse zikadutsa, chotsani bag muiike kutali ndipo muwotcherere zenizeni. Ngati dzanja lanu pa wotcherera silinakhwime, itanani mmisiri wodziwa, bulaketi imeneyi ndi imene ikunyamula galimoto.

Musanaboole puleti ya pamwamba ganizirani komwe fitting, cholumikizira paipi ya mpweya, itulukire, kuti sipanala izifikapo bag ili pamalo, apo ayi tsiku lodontha mudzamasula zonse. Pa mabawuti samalani kwambiri inu amene muli kunja kwa America. Ma bag amenewa ambiri ali ndi mazinga a mainchesi, 3/8, ndipo bawuti ya M10, ya mamilimita 10, imaoneka ngati ilowa, imayamba kulowadi pang'ono kenako nkuwononga mazinga. Bawuti isatalikenso kupitirira bowo lake. Mazinga a polowera mpweya ndi a mtundu wa NPT pomwe ma fitting ambiri mmashopu a kuno ndi ku South Africa ndi BSP, sizofanana, zimadontha ngakhale mukulunge tepi yochuluka bwanji. Chimodzimodzi paipi, ya kota inchi ndi mamilimita 6.35, si ya mamilimita 6, ndipo ya 3/8 si ya mamilimita 10. Poitanitsa ma bag itanitsani ma fitting ndi paipi yake limodzi, ndipo ngati ndalama ilipo onjezerani bag imodzi yapadera chifukwa kudikira ina kuchokera kunja galimoto ili pa ma sitandi nkowawa.

Paipi idulidwe mowongoka ndi chodulira chake kapena mpeni wakuthwa, osati pulayala yomwe imaiphwanya mlomo. Idutse kutali ndi ekizozi, pa bowo lililonse la chitsulo pakhale labala, ndipo imangidwe pafupipafupi. Bag iliyonse ikhale ndi paipi ndi valavu yakeyake. Mukalumikiza ziwirizo ndi cholumikizira chooneka ngati T, pa kona mpweya umathawa ku bag yopanikizika kupita ku inayo, galimoto nkupendekeka kwambiri nthawi imene imafunika kulimba.

Kwa amene muli ndi ma leaf, kaya ndi square body, Ford F100, kapena Hilux ndi Isuzu KB zakale zomwe zadzaza kwathu kuno, mfundo za msinkhu, mpata ndi bump stop nzomwezo koma pali chenjezo limodzi lalikulu. Ma leaf samangonyamula, amagwiranso ekiselo kuti isapite kutsogolo, kumbuyo kapena mbali. Mukawachotsa onse muyenera kumanga 4-link, mikono inayi yogwira ekiselo, kapena mikono ina pamodzi ndi Panhard bar, bag payokha singagwire ekiselo. Kusiya leaf imodzi yokha nako nkoopsa, imapindika mukaponda moto kapena mabuleki. Ngati cholinga nkungothandiza kunyamula katundu, gulani ma helper bag okhala pakati pa chesesi ndi ekiselo, pamwamba pa leaf pomwe pali ma U-bolt, ma leaf onse akhale momwemo. Amenewa asamakhale opanda mpweya, opanga amati osachepera 5 psi ngakhale mulibe katundu ndipo osapitirira 100 psi. Dziwaninso kuti amangowongola galimoto, sawonjezera kulemera komwe chesesi, ekiselo, matayala ndi mabuleki zinapangidwira.

Zonse zikamangidwa, bwezerani bodi, tsitsani galimoto pa matayala ake, muchotse mpweya wonse, kenako muikankhe ndi manja. Iyenera kugudubuzika, matayala osakhula fenda, chitsulo chilichonse osakwecha pansi, chifukwa tsiku lina paipi ikadzaphulika muli pa liwiro mudzafunika kuwongolera mpaka pambali pa msewu. Ikakanika kuyenda kwezani bump stop. Kenako popani kufika pa nambala ija munalemba ndi choko, muyeze bag ngati ili pa msinkhu wake, muwaze madzi a sopo pa fitting iliyonse nkudikira thovu, lina limatuluka mochedwa. Lembani presha ya mbali zonse madzulo, muonenso mmawa nyengo ili yofananako, kutsika pang'ono chifukwa cha kuzizira nkwabwinobwino koma mbali imodzi ikagwa yokha pali podontha. Mbali ziwirizo zikasiyana presha pang'ono kuti galimoto iwongoke musadandaule, tsatirani tepi osati geji. Ulendo woyamba ukhale waufupi komanso wa pang'onopang'ono, mudutse hampu imodzi kapena ziwiri, mubwerere, muike pa ma sitandi, muunike bag iliyonse kuzungulira konse ndi tochi kufuna kachigamba konyezimira kaja, mumangitsenso ma U-bolt ndi mabawuti a mabulaketi, ndipo mudzabwerezenso zimenezi mukayenda makilomita mazana angapo oyamba.